Mawaya pamphumi pa mwana wa Fomu 4

Zokambirana pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu ku Kasungu, kuyambira Lachiwiri madzulo

Bambo a Chisomo: Mwaswera bwanji abale nonse. Pepani ndidule kaye nkhani ya mitengo ya fodya ku Chinkhoma ija, pali chinthu chandisowetsa mtendere. Dzulo pochokera ku chigafa ndinapeza mnyamata wanga, uja akulemba Fomu 4 chaka chino, atakhala kuseri kwa nyumba, buku la masamu lili pamwendo. Pamphumi anali ataikapo tizidutswa tiwiri ta siponji ya matiresi, tonyowa, atatimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mawaya awiri akuchoka pamenepo kukalowa ku kabatire kaja ka makona anayi. Ndinamulanda pomwepo. Iye akuti anaona pa TikTok kuti kunja ana a sukulu amatero kuti mutu uzigwira msanga. Mayi ake sanagone, akuti mwana wayamba kuzungulira mutu. Inu amene munapita patali ndi sukulu, kodi chinthu chimenechi chilipodi? Nanga sichinamuwononge?

Naphiri wa ku Santhe: Mayo ine! Ali bwanji panopa mwanayo?

Bambo a Chisomo: Wadzuka bwino, wapita kusukulu. Koma pamphumi pali kachigamba kofiira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo ya K10.

Yohane wa Mafoni: Bambo, nkhaniyi yandigunda pamtima. Mwezi uno okha anyamata atatu abwera pa benchi yanga kuno ku boma kudzafuna mawaya okhala ndi timano kumapeto ndi batire la 9V. Awiri oyamba ndinawagulitsa, ndimayesa ndi za sayansi kusukulu. Wachitatu ndi amene anandionetsa vidiyo, akuti ndimulumikizire ku chaja ya foni kuti asamagule mabatire. Ameneyo ndinamukaniza.

Aphunzitsi Mwale: Munachita bwino a Yohane. Chaja imalowa ku magetsi a pakhoma. Zotchipa zija zikafa m'kati, 230V yonse imatha kudutsa mpaka ku waya, ndipo wayayo ali pamutu ponyowa ndi madzi a mchere. Pamenepo tikanakamba za maliro.

Gift: Koma akuluakulu tisathamangire kudzudzula. William Kamkwamba wa kwa Wimbe konkuno anthu ankamunena kuti wapenga pomwe ankatola zitsulo kudzala, ali ndi zaka 14 zokha, lero dziko lonse likumudziwa. Ine ndaonera mavidiyo ambiri, chinthuchi dzina lake ndi tDCS ndipo anayambitsa ndi madokotala. Mwanayu ali ndi mtima wofufuza, osamupha mphwayi.

Aphunzitsi Mwale: Gift, mtima wofufuzawo sindikuukana, ndi umene ndimaufuna m'kalasi mwanga. Koma Kamkwamba ankayesera pa dainamo ya njinga ndi mapaipi. Chikapsa ankakatola china. Apa choyeserapo ndi mutu wa mwana.

Dzina mwatchulalo ndi loona. Ndifotokoze mbali ya magetsi yomwe ndikuidziwa. Ofufuza amagwiritsa ntchito mphamvu ya milliamp imodzi kapena ziwiri, kwa mphindi pafupifupi 20. Milliamp ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a amp. Chaja ya foni yabwino imatulutsa amp imodzi kapena ziwiri, ndiye onani kuchepa kwake. Makina awo ali ndi kachipangizo kogwira mphamvuyo kuti isakwere kapena kutsika. Batire ndi waya basi zilibe zimenezo. Siponji ikayamba kuuma, kapena chitsulo chikakhudza khungu, magetsi onse amaunjikana pa kamalo kamodzi ndipo khungu limapsa. Kachigamba kofiira kaja n'kameneko. A Nabanda muli pompano? Izi ndi za kuntchito kwanu.

Nabanda: Ndafika aphunzitsi, ndinali m'kalasi. Moni nonse kuchokera kuno kumaphunziro. Bambo a Chisomo, choyamba mtima ukhale pansi. Ngati mwana akulankhula bwino, akuyenda bwino, sanakomoke, sanagwe ngati wa khunyu ndipo mutu sukumupweteka mosalekeza, chachikulu chimene chachitika ndi pakhungupo. Mupite naye kuchipatala akapaone, makamaka pakatuluka thuza. Mukawauze zoona zake, musabise.

Tsopano funso lanu. Inde, chilipo. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, kuthandiza anthu ofa ziwalo, ndiye zimenezi timaziphunzira. Njira zodziwika kwambiri zofikira ubongo popanda kung'amba mutu ndi ziwiri. Ina ndi ya magetsi ofooka yomwe wanena Gift, tDCS. Anaiukitsa ndi akatswiri awiri a ku Göttingen ku Germany, Michael Nitsche ndi Walter Paulus, m'chaka cha 2000. Iwo anaonetsa kuti magetsi ochepawa salamula maselo a ubongo kuti agwire ntchito. Amangowapangitsa kukhala ofulumirako kapena ochedwerako kuyankha, malingana ndi mbali ya batire yomwe ili pamwamba pawo, ndipo pakapita nthawi zimabwerera mwakale. Inayo ndi ya maginito, TMS, ndipo imeneyo ndi yamphamvu zedi. Anayamba kuionetsa ndi Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield ku England mu 1985.

Agogo Kamanga: Mwana wanga Nabanda, maginito omwewa timachotsa m'masipika a wailesi?

Nabanda: Ayi agogo, awo ndi ongokhala. Awa amabadwa ndi kufa m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ndekha chaka chatha, tikuphunzira. Anandikhazika pampando, n'kundipatsa totseka m'makutu. Mphunzitsi anatenga chinthu chooneka ngati nambala 8, chachikulu ngati chikhatho, chokhala ndi chingwe chonenepa, n'kuchigunditsa kumanzere kwa mutu wanga, chapamwamba pa khutu. Dzanja langa lamanja linali pa ntchafu, lomasuka. Ndinangomva kuti "thwa!", ngati wina wandigogoda ndi chala pachigaza, ndipo chala changa chachikulu chakumanja chinadumpha chokha. Anasuntha chinthucho pang'ono, n'kuombanso, ulendo uno chinagwedezeka ndi chala cholozera. Ndinachiyang'ana dzanja langalo ngati la munthu wina. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinakhulupirira ndi mtima wonse zomwe tinkaloweza m'mabuku, kuti mbali ya kumanzere ya ubongo imayendetsa thupi la kumanja, ndipo chala chilichonse chili ndi kamalo kake.

Aphunzitsi Mwale: Imeneyo ndi fizikisi ya Michael Faraday ya 1831 yeniyeni, yomwe timaphunzitsa ku sekondale. Maginito akamasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa magetsi. Dainamo ya njinga imayatsa nyali motero. Apa m'malo mwa waya pali minyewa ya ubongo, ndipo fupa la chigaza silitchinga maginito.

Agogo Kamanga: Zandiopsa zimenezo. Ngati munthu angasunthe chala chako iwe osafuna, mawa sadzakuikira maganizo ake m'mutu? Nanga mzimu wa munthu uli pati pamenepa?

Nabanda: Funso lanu ndi lolemera agogo, ndipo za mzimu ndisiyira inu akuluakulu a mpingo. Chomwe ndingachitire umboni ndi ichi: chala chitadumpha, ine ndinadziwa bwinobwino kuti si ine ndachisuntha. Zinali ngati muja dokotala amagogodera pa bondo mwendo n'kudumpha. Kufuna kwanga kunali pomwepo, sikunakhudzidwe. Makinawa amafika masentimita awiri kapena atatu okha kuchokera pakhungu, ndipo amagunda maselo miyandamiyanda nthawi imodzi. Angathe kugwedeza kapena kusokoneza kwa kanthawi. Kulemba ganizo m'mutu mwa munthu sangathe.

Agogo Kamanga: Chabwino. Koma si zomwezi zija ankati odwala misala amawaombera magetsi?

Nabanda: Imeneyo ndi ina, dzina lake ECT, inayambira ku Rome mu 1938. Mphamvu yake ndi pafupifupi milliamp 800, ndipo masiku ano munthu amayamba wagonekedwa ndi mankhwala. Mbiri yake inaipa chifukwa cha momwe ankachitira kale, koma mpaka lero imapulumutsa anthu amene matenda a kukhumudwa awafikitsa posiya kudya ndi kulankhula. TMS munthu amakhala ali maso, akatha amanyamuka n'kumapita kwawo.

Gift: Ndiye mwavomereza achemwali kuti zimagwira ntchito. Nanga vuto lili pati kuti mwana awonjezere nzeru?

Nabanda: Gift, kugwedeza chala ndi kuwonjezera nzeru ndi zinthu zotalikirana. Ndipotu zodabwitsa zambiri za TMS zinapezeka posokoneza ubongo, osati poukonza. Tamverani izi.

Ukaomba kunkhongo, komwe kuli mbali ya ubongo yoona, munthu amaona kuwala kukuthwanima ngakhale atatsinzina, ngati tinyenyezi tija timaoneka ukagunda mutu pa mphuthu ya chitseko. Maso sanaone kanthu, koma ubongo wanena kuti kwawala. Mu 1989 Vahe Amassian ndi anzake ku New York ankaonetsa anthu zilembo zitatu pa sikirini mwachangu kwambiri, kenako n'kuomba kunkhongo patangopita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Anthuwo ankalephera kutchula zilembozo, ena ankangoona chimbuuzi, ena osaona kanthu. Akaomba mofulumirirapo kapena mochedwerapo, ankaziwerenga bwinobwino. Apa anthu anaona ndi maso kuti uthenga umatenga nthawi kuchoka m'diso kufika pomwe munthu amati "ndaona", ndipo ungathe kuudula panjira.

Mu 1991 Alvaro Pascual-Leone ndi anzake ankauza anthu kuti aziwerenga manambala mokweza, n'kumaomba mobwerezabwereza chakutsogolo kumanzere kwa mutu. Mawu ankangoima pakamwa. Makina akasiya, kulankhula kunkabwerera.

Madamu Nkhoma: A Nabanda, ine ndakhala chete koma apa ndalephera kupirira. Ndaphunzitsa ana osaona zaka zambiri, ena mwa iwo anadutsa pa sukulu ya osaona ya Chilanga pompa. Funso limene landivutitsa moyo wanga wonse ndi ili: mbali ya ubongo yoona ija, mwa mwana amene anabadwa osaona, imangokhala ngati munda wogonera?

Nabanda: Madamu, yankho lake linapezeka ndi makina omwewa, ndipo nditaliwerenga koyamba ndinatuluka misozi. Mu 1997 Leonardo Cohen ndi anzake anatenga anthu amene anasiya kuona ali aang'ono kwambiri, akatswiri owerenga Braille, zilembo za timadontho totukuka zowerenga ndi zala. Akuwerenga ndi zala, anawaomba kunkhongo, ku mbali yoona ija. Anayamba kulakwitsa. Ena ankati timadontho tina tazimiririka, ena ankamva timadontho tomwe palibe. Atachita zomwezo kwa anthu oona akupapasa zilembo zotukuka, kukhudza kwawo sikunasokonekere. Ndiye kuti mundawo sugonera ayi. Ubongo unaupereka kwa zala.

Madamu Nkhoma: Ambuye wanga. Ndili ndi kamtsikana kena, zala zake zimayenda papepala ngati madzi, ndipo akafika pa mawu osangalatsa nkhope imawala asanamalize n'komwe chiganizo. Ndimauza makolo kuti mwanayu akuona ndi zala, iwo n'kumayesa ndikungowatonthoza. Mawa ndikawauza ana anga zimenezi m'kalasi.

Gift: Izi n'zokoma, koma funso langa lija silinayankhidwe. Za masamu ndi kukumbukira?

Nabanda: Ndikubwera komweko. Zofufuza zoonetsa phindu zilipo, sindibisa. Mu 2010 Roi Cohen Kadosh ndi anzake ku England anapeza kuti tDCS inathandiza kagulu kochepa ka anthu kuphunzira zizindikiro zatsopano za manambala. Nkhani imeneyo ndi imene inafala m'manyuzipepala, ndipo mavidiyo ambiri amatsamira pomwepo. Chimene satchula n'chakuti mu 2013 munthu yemweyo ndi mnzake Teresa Iuculano anapezanso kuti phindulo lili ndi mtengo wake. Malo ena akalandira magetsi, anthu ankaphunzira msanga koma n'kumachedwa kugwiritsa ntchito zomwe aphunzirazo. Malo ena zinkatembenuka. Wakoka bulangete kuti ufunde kumutu, mapazi atsala pamtunda.

Kenako mu 2015 Jared Horvath ndi anzake ku Melbourne anasonkhanitsa zofufuza zambiri za anthu athanzi olandira tDCS kamodzi, ndipo sanapeze phindu lodalirika pa kuganiza. Ena anatsutsa kawerengedwe kawo, mkangano ulipobe. Mu 2018 gulu la György Buzsáki linayeza pa mitembo n'kupeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magetsi oikidwa pamutu amathera m'khungu ndi m'fupa, osafika ku ubongo.

Komwe kukuoneka kuwala ndi kwa okalamba. Robert Reinhart wa ku Boston mu 2019 anagwiritsa ntchito magetsi osinthasintha, oyenderana ndi kayimbidwe ka ubongo wa munthu aliyense payekha, kwa mphindi 25, pa anthu a zaka 60 mpaka 76. Kukumbukira kwawo kwa zinthu zapompopompo kunakwera kufanana ndi kwa achinyamata, ndipo kunali kukadali choncho pa mphindi 50 zomwe anapitiriza kuwayeza. Koma taonani: anayamba ayeza mafunde a ubongo wa aliyense, malo oika mawaya anali owerengedwa, ndipo anthuwo anali akuluakulu amene kukumbukira kunatsika kale. Si mwana wa zaka 18 amene ubongo wake ukukulabe mpaka zaka za m'ma 20.

Aphunzitsi Mwale: Ndiwonjezere kamodzi. Amene amanena m'mavidiyo kuti "ine zinandithandiza" sakunama onse. Ofufuza amadziwa kuti munthu akangomva kunyerenyetsa pamutu amakhulupirira kuti chinachake chikuchitika, n'kulimbikira kwambiri. N'chifukwa chake pofufuza, gulu lina amaliyatsira makina masekondi 30 okha n'kuzimitsa mwakachetechete, eni ake osadziwa. Nthawi zambiri gulu limeneli nalo limati lathandizika.

Nabanda: Zoona aphunzitsi. Ndipo mu 2016 akatswiri 39 a ntchito imeneyi anasaina kalata yochenjeza anthu odzipangira okha kunyumba. Anati magetsi amafika malo ena omwe sunafune, zotsatira zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo kukweza luso lina kungatsitse lina iwe osazindikira. Amenewa ndi anthu oikonda ntchitoyi, si adani ake.

Gift: Za 2013 zija sindinazimvepo. Palibe vidiyo inanenapo. Ndagonja pa za mwanayu, koma ndikufunabe kuziwerenga ndekha.

Naphiri wa ku Santhe: Ine ndili ndi chilonda pa nkhani ya makina a magetsiyi. Mayi anga anachita sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja linafa ndipo mawu anatsekeka. Kunabwera anthu ena pa tsiku la msika atavala magauni oyera, ali ndi kamakina ka mawaya. Anati kamadzutsa mitsempha ya ubongo. Tinagulitsa matumba anayi a soya. Ankawamata timapepala pakhosi ndi paphewa, minofu n'kumadumpha, ife n'kumaombera m'manja kuti dzanja layamba kugwira. Patatha masabata atatu anthu aja sanaonekenso, nambala yawo siikupezeka mpaka lero. Chikomekome cha mkuyu. Chimene chimandiwawa si soya ayi, koma kuti masabata amenewo tinasiya kupita nawo ku mafizo.

Nabanda: Pepani kwambiri achemwali anga. Kudumpha kwa mnofu kuja sikutanthauza kuti ubongo wachira, magetsi amadumphitsa mnofu uliwonse. Za TMS ndi tDCS pa sitiroko zikufufuzidwa ndithu, pa dzanja ndi pa kulankhula, koma ngakhale kumeneko amaziphatikiza ndi masewero olimbitsa ziwalo ndi kuphunzitsa kulankhula, sizilowa m'malo mwake. Chimene chimaphunzitsa ubongo njira zatsopano ndi kubwereza. Mayi abwerereni nawo kuchipatala, nthawi sinathe. Kunyumba muziwapatsa chochita ndi dzanja lodwalalo tsiku lililonse, kutola nyemba kuika m'mbale, kugwira kapu, kupukuta tebulo. Muziimba nawonso nyimbo za kutchalitchi zomwe amazidziwa. Anthu ambiri amene mawu anatsekeka amatha kuimba mawu omwe akulephera kuwalankhula. Ndilembereni kumbali tikambirane bwino.

Naphiri wa ku Santhe: Kuimba amaimbadi! Timadabwa nazo. Ndikulemberani usiku uno.

Yohane wa Mafoni: Ndiye pali matenda amene makinawa analoledwa kuchiza mwalamulo?

Nabanda: Alipo. Ku America bungwe la boma loona za mankhwala la FDA linavomereza TMS mu 2008 pa matenda a kukhumudwa kwa anthu amene mankhwala sanawathandize, ndipo mu 2018 pa matenda obwerezabwereza maganizo ndi zochita, a OCD. Munthu amapita masiku asanu pa sabata kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ena amathandizika kwambiri, ena ayi. Asanayambe amafunsidwa ngati anagwapo khunyu kapena ali ndi chitsulo m'mutu, chifukwa mwa apo ndi apo TMS imatha kugwetsa munthu. Apa mpomwe ndikuopera ana athuwa. Kwathu kuno khunyu ndi lochuluka, ena malungo a mu ubongo anawagwira ali aang'ono, ndipo palibe amene akuwafunsa mafunso amenewa asanamange siponji pamphumi.

Agogo Kamanga: Kale tili ku Nsanje pantchito asodzi ankatichenjeza za nsomba ya nyesi. Sindinaganizepo kuti nyesi ingakhale mankhwala.

Aphunzitsi Mwale: Agogo, anthu anayambira pa nsomba pomwepo. Sing'anga wina wa ku Rome, Scribonius Largus, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo analemba kuti wodwala mutu kwambiri amuike nsomba ya magetsi ya m'nyanja yamchere pamutu mpaka pachite dzanzi.

*Lachitatu*

Bambo a Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Ndapita naye kuchipatala m'mawa uno, apaona, atipatsa kamafuta kopaka, akuti papola. Pobwerera sitinakwere kabaza, tinayenda wapansi kuti ticheze. Abale, mwanayu wandiuza zinthu zomwe sindimazidziwa. Kuyambira mwezi wa Epulo amagona 2 koloko usiku, n'kudzuka 5 koloko. Akuti akawerenga masamu usiku, m'mawa zonse zauluka. Akuti amawerenga mabelo m'chigafa n'kumadziwa kuti fizi yake yadya angati, ndipo akalephera sadzatha kundiyang'ana kumaso. Analira pamsewu, mnyamata wamkulu. Ine ndimayesa ndikumulimbikitsa pomwe ndinkamuuza kuti banja lonse likuyang'ana iye.

Madamu Nkhoma: Mwachita bwino kuyenda naye wapansi bambo.

Nabanda: Maola atatu okha? Bambo, kuuluka kwa masamu kuja gwero lake ndi limeneli. Zomwe munthu waphunzira masana ubongo umazikhazika ali m'tulo, ndipo pa mfundo iyi umboni ndi wochuluka kuposa wa mawaya onse takambawa. Wa msinkhu wake amafunika maola 8 kapena kuposerapo. Mukaona kuti kulira ndi kusowa tulo kukupitirira, kapena wayamba kunena zotaya mtima, musachedwe kubwerera naye kuchipatala mukafunse wa zamaganizo.

Aphunzitsi Mwale: Loweruka lililonse mpaka MSCE iyambe ndimakhala ndi ana asanu ndi mmodzi kunyumba kwanga, 8 koloko mpaka 11, timayankha mapepala a mayeso akale buku litatsekedwa, kenako n'kukonza limodzi. Salipira kanthu. Abwere ndi makope ake. A Yohane, anyamata awiri aja mukawaona muwauzenso, kapena mundilozere makolo awo.

Yohane wa Mafoni: Mmodzi ndikumudziwa, mayi ake amagulitsa tomato kumsika. Ndipita masana ano.

Bambo a Chisomo: Zikomo aphunzitsi, Loweruka afika, ndimuperekeza ndekha. Ndinamuwerengera zonse munalemba dzulo. Pa za zilembo zitatu zija anandiimitsa kuti ndibwereze kawiri. Wandituma funso kwa a Nabanda: akuti munthu uja waombedwa kunkhongo n'kulephera kuona zilembo, kodi amadziwa kuti pali chinachake chamudutsa, kapena kwa iye zimakhala ngati panalibe kanthu n'komwe?

Nabanda: Mumuuze kuti wafunsa funso lomwe akatswiri akulimbana nalo mpaka lero. Pali zofufuza zina zomwe munthu amanenetsa kuti sanaone kanthu, koma akamukakamiza kuti angolota ngati kamzere kanali koimirira kapena kogona, amalondola kambiri kuposa mwamwayi. Loweruka akamaliza masamu mundiimbire pa foni ya aphunzitsi, ndimufotokozere ndekha.